Mmene mapu a madzi a pansi pa nthaka anatithandizira tisanakumbitse mjigo

Nkhani iyi ndalembera makomiti a m'midzi, a m'mipingo ndi a m'sukulu amene asonkha ndalama zokumbitsira mjigo koma sanasainirane pangano ndi kontrakitala. Kwathu ndi ku Ntcheu, m'munsi mwa zitunda zimene zimatsetserekera kuchigwa cha Bwanje, ndipo ine ndinali mlembi wa komiti imene inapatsidwa udindo woyendetsa ndalama zomwe abale athu ogwira ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg anasonkha kuti mudzi wathu ndi sukulu yoyandikana nawo zikhale ndi madzi abwino. Osonkhawo anali ndi maganizo aakulu, pakuti ankafuna pampu ya sola, thanki yapamwamba, mipopi ingapo ndi dimba la masamba la ana asukulu. Chimene chinkatisowetsa mtendere n'chakuti mudzi wina wakumtunda unali utalipira kale ndalama zambiri, makina n'kubwera, kuboola, n'kusiya dzenje louma, pamene mudzi wina wakumunsi, wotalikirana nawo makilomita ochepa chabe, unali ndi mjigo wosaphwa ngakhale mu Okutobala. Palibe amene ankatha kufotokoza kusiyana kumeneku momveka, ndipo mayankho amene tinkamva ankathera pa mwayi kapena pa kulodzana.

Mphwanga wina amene amaphunzira za nthaka ndi madzi kuyunivesite ndiye anandiuza kuti pa intaneti pali buku la mapu lotchedwa Africa Groundwater Atlas, limene linakonzedwa ndi bungwe la British Geological Survey mogwirizana ndi akatswiri a m'mayiko a muno mu Africa. Bukuli linayamba kupezeka mu 2016 pansi pa ntchito yofufuza yotchedwa UPGro, imene inkayendetsedwa ndi ndalama za boma la Britain, ndipo lili ndi masamba a mayiko 51, dziko lililonse tsamba lake. Kuliwerenga n'kwaulere ndipo sikulira kulembetsa dzina, koma ndalama ya bandulo yokha. Njira yachidule imene ndinapezera tsamba la dziko lathu inali kulemba mawu akuti Hydrogeology of Malawi pamodzi ndi Earthwise mu Google, popeza Earthwise ndi dzina la malo amene bungwelo limasungapo masambawa. Pafoni tsambali limatseguka ndithu, koma mapu ake amaoneka aang'ono ndipo matebulo amadukaduka, choncho ndinadikira tsiku lopita kuboma kumene netiweki ndi yamphamvu, n'kulitsegula pakompyuta ya mnzanga, kenako n'kulisindikiza papepala kuti anzanga a m'komiti aliwerenge popanda kudalira foni ya munthu mmodzi. Amene angathe asindikize mapuwo m'mitundu yake, chifukwa akasindikizidwa akuda ndi oyera okha, miyala yosiyana imaoneka ngati yofanana.

Tsambalo lili m'Chingelezi cha akatswiri, ndipo limayamba ndi zinthu zimene Mmalawi aliyense amazidziwa kale, monga nyengo, mitsinje, nthaka ndi zomera. Gawo limeneli munthu angalidutse mwachangu. Zofunika kwenikweni zili m'munsi, pamene pali mapu awiri otsatana. Oyamba amasonyeza mitundu ya miyala imene ili pansi pa dziko lathu, pamene achiwiri amasonyeza mmene miyalayo imasungira madzi ndiponso kuchuluka kwa madzi amene mjigo wokumbidwa bwino ungatulutse m'miyala imeneyo. Mapu onsewa ali ndi kalozera wa mitundu pambali pake, ndipo pansi pake pali matebulo ofotokoza gulu lililonse la miyala. Ine ndinawerenga matebulowo ndi dikishonale pambali, ndikulemba m'kope mawu amene sindinawamve kuti ndikafunse mphwanga uja pafoni madzulo.

Phunziro lalikulu limene ndinatolapo ndi lakuti pansi pa mbali yaikulu ya Malawi palibe nyanja kapena mtsinje wobisika monga ambiri timaganizira. Pali thanthwe lakale kwambiri, lambiri la zaka zoposa 500 miliyoni, lolimba ndiponso lopanda mipata yoti madzi akhalemo. Madzi amene timamwa pamijigo yambiri ya m'dziko muno amachokera m'chigawo chapamwamba cha thanthwe limeneli, chimene chinafumbutuka pang'onopang'ono chifukwa cha mvula ndi kutentha kwa zaka zosawerengeka. M'malo athyathyathya ngati chidikha cha Lilongwe, chigawo chofumbutukachi chimakhala chokhuthala mamita 15 mpaka 30, mwinanso kuposa, ndipo n'chifukwa chake mijigo ya kumeneko kawirikawiri imapeza madzi, ngakhale osachuluka. Koma m'zitunda ndi m'matsitso, mvula inakokolola chigawocho kalekale n'kusiya thanthwe lili pamtunda, moti madzi amapezeka m'ming'alu mokha. Wokumba akaphonya mng'alu ndi mamita ochepa, amaboola mwala wouma mpaka ndalama zonse kutha. Nditawerenga zimenezi, dzenje louma la anzathu akumtunda linasiya kukhala chozizwitsa kwa ine, popeza mudzi wawo wakhala pamsana pa chitunda pamene miyala imaonekera ngakhale m'minda.

Gulu lina la malo osunga madzi ndi mchenga, timiyala ndi matope zimene mitsinje inatuta kumapiri n'kuzitaya m'chigwa chachikulu chimene chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira, mmene muli Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire. Malo otere ali m'mphepete mwa nyanja ku Karonga, ku Nkhotakota ndi ku Salima, m'chigwa cha Bwanje, mozungulira Nyanja ya Chilwa ndiponso kuchigwa cha Shire. Kumeneko, pamene pali mchenga wokhuthala, mjigo umodzi ungatulutse madzi ochuluka kuposa a mijigo khumi ya pathanthwe, koma pamene pali dongo lokhalokha madzi amachepa, ndipo m'madera ena a Chikwawa, Nsanje ndi kufupi ndi Chilwa madzi amatuluka amchere osamweka. Palinso miyala yotchedwa Karoo, imene imapezeka kumpoto ndi kumwera chakumadzulo kwa chigwa cha Shire, yomwe ina mwa iyo ili ndi malasha, koma popeza kwathu kulibe, sindinachedwepo.

Kuchuluka kwa madzi m'bukuli kumalembedwa m'malita pa sekondi, muyeso umene sunena kanthu kwa munthu wotunga ndi ndowa, choncho ndinausandutsa ndowa za malita 20 pa ola. Malo amene bukuli limati ndi a madzi ochepa amapereka pakati pa malita 0.1 ndi 0.5 pa sekondi, kutanthauza ndowa 18 mpaka 90 pa ola. Malo a madzi ambiri amapereka malita 5 mpaka 20 pa sekondi, ndipo malita 5 okhawo ndi ndowa 900 pa ola. Pampu yamanja ya Afridev, imene ili pamijigo yambiri m'midzi yathu, imakhutira ndi malita pafupifupi 0.25 pa sekondi, ndiye kuti ndowa 45 pa ola, ndipo zimenezi n'zokwanira anthu 250 amene mjigo umodzi umayenera kutumikira. Apa m'pamene ndinaona kuti mawu akuti madzi ochepa sakutanthauza kuti mudzi sungamwe, koma akutanthauza kuti maloto a pampu ya sola yodzaza thanki, kugawira mipopi ndi kuthirira dimba angathe kuima pa madzi amene kulibe. Pampu yamphamvu ikaikidwa mumjigo wofooka, imatsitsa madzi mofulumira, kuyamba kukoka mpweya ndi matope, kenako n'kupsa.

Tsopano ndifike pa chenjezo limene ndikuliona kuti ndi lofunika kuposa zonse. Nditamvetsa magulu a miyala, ndinafuna kudziwa gulu limene lili pansi pa mudzi wathu weniweniwo. Ndinakulitsa mapu pakompyuta mpaka mzere wolekanitsa thanthwe la kumtunda ndi mchenga wa m'chigwa unasanduka chibanga chotakata, ndipo mudzi wathu unagwera penapake m'kati mwa chibangacho. Chifukwa chake n'chakuti mapuwa anajambulidwa pa muyeso wa 1:5,000,000, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ikuimira makilomita 50 pansi, ndipo milimita imodzi yokha, imene ndi ngati kukhuthala kwa mzere wa bolopeni, ikuimira makilomita 5. Mudzi wathu, sukulu, mudzi wa dzenje louma ndi mudzi wa mjigo wosaphwa, zonsezi zimakwanira pansi pa mzere umodzi. Eni bukuli amanena okha kuti mapu awo ndi othandiza kumvetsa dziko lonse kapena chigawo chachikulu, osati kusankhira malo obooletsa mjigo. Choncho munthu aliyense amene angabwere kumudzi kwanu ndi mapu otere, n'kuloza ndi chala kuti madzi ali apa, mudziwe kuti akunena zimene mapuwo sanganene.

Mapu omwewa amapezekanso ngati mafayilo otsitsa n'kutsegula m'pulogalamu ya mapu monga QGIS, imene ndi yaulere. Mphwanga anachita zimenezi n'kuikapo malo a mudzi wathu amene ndinamutumizira kuchokera pafoni, koma yankho silinasinthe, chifukwa kutsegula mapu m'pulogalamu yapamwamba sikuwonjezera zimene sizinajambulidwemo. Komiti wamba isavutike nazo. Chimene chinandipindulira kwambiri ndi nkhokwe ina yolumikizana ndi bukuli, yotchedwa Africa Groundwater Literature Archive, mmene muli malipoti akale ndi atsopano amene munthu angafufuze polemba dzina la dziko. M'zolemba zimenezi ndinadziwiramo kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'chigwa cha Livulezi, m'boma lathu lomweli la Ntcheu, munachitika ntchito yaikulu yoyesa njira zotsika mtengo zokumbira mijigo m'thanthwe lofumbutuka, ndiponso kuti pampu ya Maldev, imene Afridev inachokerako, inapangidwa muno m'Malawi m'zaka zomwezo. Zinandikhudza kuona kuti nzeru zokhudza nthaka ya kwathu zinasonkhanitsidwa zaka makumi anayi zapitazo, koma midzi yoyandikana ndi malo amenewo ikulipirabe maenje ouma chifukwa chosazidziwa.

Dziko lathu lilinso ndi buku lakelake la mapu, lotchedwa Hydrogeology and Groundwater Quality Atlas of Malawi, limene unduna woona za madzi ndi ukhondo unatulutsa mu 2022. Bukuli limatsata zigawo 17 zimene dziko lino linagawidwa potengera mitsinje ndi nyanja, ndipo limalowa mozama kuposa la Africa yonse, makamaka pa nkhani ya ubwino wa madzi. Malangizo anga ndi akuti munthu ayambe ndi tsamba la Africa Groundwater Atlas chifukwa ndi lalifupi ndipo limapereka chithunzi chonse, kenako afunefune gawo la dera lake m'buku la undunawo, ndipo pomaliza apite kuofesi ya zamadzi ya kuboma kwawo. Kuofesi ya kwathu anandilandira bwino, ndipo popeza ndinapita ndi mafunso olunjika, monga kuya kwa mijigo yoyandikana nafe, pamene madzi anapezeka ndi mijigo imene imaphwa m'chilimwe, kukambirana kwathu kunali kwa phindu kuposa mmene kukanakhalira ndikanangopita kukadandaula kuti tilibe madzi.

Pamsonkhano wa mudzi ndinayala mapepala aja pamphasa n'kufotokoza zonse m'chinenero chathu. Nkhani inavuta pa malo, chifukwa a mfumu anali atasankha kale pabwalo, pafupi ndi sukulu, pamalo okwera amene aliyense amafikapo mosavuta. Iwo anandifunsa kuti, “Kodi a mlembi, pepala lanuli likuti pabwalo pano madzi palibe?” Ine ndinayankha kuti, “Iyayi a mfumu, pepalali silinganene za pabwalo pano. Likungotiuza kuti tili m'malire mwa thanthwe ndi mchenga, ndipo kuti malo otere amafuna kuyezedwa kaye makina asanabwere.” Amayi ena achikulire anawonjezera zimene mapu analibe, pokumbutsa msonkhano malo a m'mphepete mwa dambo amene makolo ankakumba zitsime m'zaka za chilala, pamene mikuyu imakhala yobiriwira chaka chonse. Tinagwirizana kuti malo onse awiri ayezedwe, ndipo kuti tidzatsate zimene kuyezako kudzasonyeze.

Apa ndi pamene kuwerenga kuja kunasanduka ndalama. Makontrakitala amene anatipatsa mitengo poyamba anali atangolemba mtengo wa mita iliyonse, osatchula za kuyeza malo, za kupopa koyesa kuchuluka kwa madzi a mumjigo, kapena za amene adzaluze dzenje likadzakhala louma. Ife tinaganiza zolemba ntchito katswiri woyeza malo payekha, wosakhala wa kampani yokumba, kuti asakhale ndi chifukwa chotilimbikitsira malo ongofikika mosavuta ndi galimoto. M'pangano ndi wokumba tinalembamo kuti adzatenga zitsanzo za dothi ndi miyala pamene akuboola, adzaika mapaipi okhala ndi timipata molingana ndi pamene madzi akulowera, adzathira timiyala tosefa kuzungulira mapaipiwo, adzatseka kukamwa kwa mjigo ndi simenti kuti madzi akuda a pamwamba asatsikiremo, ndipo adzapopa moyesa kwa maola angapo ife tikuona. Tinalembanso momveka gawo la ndalama limene lidzalipidwe ngati madzi sapezeka, ndi gawo limene tidzasunge mpaka zotsatira za kuyeza ubwino wa madzi kulabotale zitatuluka. Kontrakitala wina anachoka atamva zimenezi, koma amene anatsala anazivomera popanda kuwiringula. Tinatsatanso za chilolezo ku National Water Resources Authority, bungwe limene lamulo la zamadzi la 2013 linalipatsa mphamvu yoyang'anira kukumba mijigo ndi kutunga madzi, ndipo tinaonetsetsa kuti wokumbayo ali ndi chiphaso chogwirira ntchitoyi.

Woyeza malo anabwera ndi kabokosi, mawaya aatali ndi zitsulo zimene anyamata ankakhoma pansi motsatana, n'kumazisuntha motalikirana pang'onopang'ono. Anatifotokozera kuti amalowetsa magetsi m'nthaka n'kuona mmene akudutsira, popeza thanthwe louma limakaniza magetsi kwambiri, dongo limawalola kudutsa mosavuta, ndipo mwala wofumbutuka wokhala ndi madzi umakhala pakatikati. Pabwalo anapeza kuti thanthwe lolimba lili pafupi kwambiri ndi pamwamba. Chakumunsi, pang'ono kumtunda kwa dambo, anapeza chigawo chofumbutuka chokhuthala bwino, ndipo anasankha malo amene sasefukira nthawi ya dzinja komanso otalikirana ndi zimbudzi ndi makola mamita oposa 30. Iye ananena mosabisa kuti kuyeza kumachepetsa chiopsezo koma sikulonjeza madzi, ndipo ine ndinamukhulupirira kwambiri chifukwa cha mawu amenewo.

Tinakumbitsa kumapeto kwa chilimwe mwadala, chifukwa nthawi imeneyo madzi a pansi amakhala atatsika kwambiri, ndipo mjigo umene wapeza madzi m'nyengo yotere suvuta kuphwa. Tsiku lobooletsa ndinakhala pafupi ndi mnyamata amene ankatola zotuluka m'dzenje n'kuziunjika timilu pansi motsatana, kamulu kalikonse kakuimira kuya kwake. Timilu toyamba tinali ta katondo wofiira. Kenako panabwera dongo lotuwa lomata m'manja, lonyowa koma losatulutsa madzi, ndipo anthu ena anayamba kunong'onezana kuti tafika. Wokumba anapitiriza, ndipo zotuluka zinasintha n'kukhala zokhakhala, zokhala ndi timiyala tonyezimira tofumbutuka ndikatifinya ndi zala. Pamenepo m'pamene madzi anayamba kuuluka pamodzi ndi mphepo ya makina. Atapitirira mamita ena, kulira kwa nyundo kunasintha ndipo kunayamba kutuluka tizidutswa takuthwa ta mwala wosafumbutuka. Mndandanda wa timilu tija unali wofanana ndendende ndi zimene ndinawerenga, zoti madzi abwino amakhala m'munsi mwa chigawo chofumbutuka, pamwamba penipeni pa thanthwe lolimba. Chifukwa chodziwa zimenezi, tinatha kukambirana ndi wokumbayo za poimira, m'malo molipira mamita ambiri a mwala wouma poganiza kuti kuya kwambiri ndiko madzi ambiri.

Kupopa koyesa kunasonyeza kuti mjigo wathu ungakwanitse pampu yamanja tsiku lonse popanda vuto, koma pamene anawonjezera mphamvu ya pampu yoyesera, madzi anatsika mofulumira ndipo anachedwa kubwerera. Tinatumiza zotsatirazo kwa abale amene anasonkha, pamodzi ndi masamu a ndowa aja. Ena anakhumudwa chifukwa anali ataona kale m'maganizo mwawo thanki itaima pasukulu, komabe tinagwirizana kuika Afridev, kumanga chipanda ndi ngalande yabwino, kuphunzitsa komiti yosamalira mjigo, n'kusunga ndalama zotsala kuti zidzathandize pa mjigo wachiwiri. Ine ndikuona kuti chimenechi chinali chisankho choyenera, popeza zipangizo za Afridev zimapezeka m'masitolo a m'maboma ndipo amisiri a m'midzi amatha kuikonza.

Madzi tisanayambe kumwa tinatumiza chitsanzo kulabotale, chifukwa mabuku onse awiri amachenjeza za zinthu zimene diso silingaone. Chimodzi ndi fluoride, mchere wachilengedwe wochokera m'miyala umene umapezeka wochuluka m'madera ena a dziko lino, makamaka kufupi ndi akasupe a madzi otentha ndi m'chigwa chachikulu chija. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, chifukwa akachuluka amathimbiriritsa mano a ana ndipo pakapita zaka amawononga mafupa. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini sikumuchotsa, choncho kuyeza ndi njira yokhayo yodziwira. China ndi chitsulo chosungunuka, chimene chimapatsa madzi fungo la dzimbiri ndi kufiiritsa zovala ndi nsima, ndipo ngakhale sichoopsa kwenikweni, chimachititsa anthu kusiya mjigo n'kubwerera kumtsinje. Madzi athu anapezeka abwino pa zonsezi ndiponso opanda tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba.

Wokumba asanalandire ndalama zomaliza, tinamupempha lipoti lolembedwa losonyeza kuya kwa mjigo, mitundu ya dothi ndi miyala imene anadutsa, pamene anapeza madzi, pamene anaika mapaipi a timipata, zotsatira za kupopa koyesa ndi manambala a malo a GPS. Kope limodzi lili ndi komiti ya mjigo, lina lili kwa aphunzitsi aakulu, ndipo lina tinakapereka kuofesi ya zamadzi kuboma kuti lilowe m'kaundula. Anzathu a mudzi wa dzenje louma anabwera kudzabwereka lipotilo pamodzi ndi mapepala a mapu aja, ndipo pano akusonkha ndalama zoitanira woyeza malo kuti akaone m'khwawa limene lili kuseri kwa chitunda chawo.